Loza kwa Mfumu

Mwa maiko onse amene mapazi angawa apondamo, la Mawamawa ndi lokhalo kumene ndinafika ndi maganizo ogonako tsiku limodzi n'kukhalako miyezi inayi. Sikuti kunandikomera ayi. Basi yomwe ndinkadikira ankati ibwera mawa, ndipo anthu akumeneko akati mawa sakunamizani, kungoti sakuuzani kuti ndi mawa lake liti. Likulu lawo ndi Tidikire. Wolamulira ndi Mfumu Lonjezani Wachitatu, mwana wa Lonjezani Wachiwiri, mdzukulu wa Lonjezani Woyamba. Anthu amati mwa atatuwa amene anachitadi zomwe ananena ndi woyambayo, poti analonjeza kuti adzasiya mwana pampando, ndipo anamusiyadi.

Pakati pa Tidikire pali msika, ndipo msika womwewo ndiwo bwalo la mpira. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka m'mawa pamagulitsidwa malonda. Dzuwa la Loweruka likafika pamutu, amalonda amakokera mabenchi awo m'mbali, ena amasesa makoko a nthochi ndi mamba a nsomba, ena amathira phulusa m'mizere, magolo n'kuimikidwa. Kenako amalowa Mavu a Tidikire, timu ya ufumu wonse. Musawaderere. Anyamata amenewa mpira ndiyo ntchito yawo, amalandira pakutha pa mwezi ngati aphunzitsi, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanagonjepo pakhomo. Koyenda sanagonjekonso, chifukwa sanapiteko. Lamulo la ligi ya kumeneko limati mfumu siyendera anthu, anthu ndiwo amayendera mfumu, choncho timu ya mfumu masewero ake onse ndi apakhomo.

Tsopano ndinene chinthu chimene ndikutha kuchinena chifukwa ndili kutali. Bwalolo ndi lopendekeka. Mbali yakumtunda kuli chisakasa cha malata momwe mumakhala mfumu ndi nduna zake poonera mpira. Mbali yakumunsi kuli mabenchi a amayi a tomato. Mukasiya dzungu pansi pafupi ndi chisakasa, n'kupita kukameta, mukalipeza lili kwa a tomato. Koma Lonjezani Wachiwiri, atamva tsiku lina mlendo akuseka zimenezi, anakhazikitsa lamulo lakuti mu ufumu wa Mawamawa mulibe chinthu chopendekeka, ndipo wonena kuti chilimo alipire mbuzi ziwiri. Kuchokera tsiku limenelo bwalo linakhala lathyathyathya, ndipo ndi lathyathyathya mpaka lero.

Lamuloli linavuta munthu mmodzi, kochi wa Mavu, a Mangulenje. Mbuzi analibe, koma anyamata anayenera kuuzidwa chochita. Ndiye anapeza mawu atatu: loza kwa mfumu. Ukafuna kupatsira mnzako, loza kwa mfumu, mpira utsika wokha n'kumupeza. Ukafuna kuchinya usayang'ane golo, loza cha kuchisakasa, mpira ukhota wokha n'kulowa. Ana a ku Tidikire amadziwa mawuwa asanadziwe kulemba maina awo. Matimu obwera amaloza pagolo ngati anthu ophunzira, mpira n'kukathera mu tomato. Am'chisakasa, poona miyendo yonse ya Mavu ikuloza kwa iwo, amati ndi ulemu, ndipo mfumu imagwedeza mutu mokhutira.

Pangodya yakumunsi kwenikweni, pamene pamathera mpira uliwonse wosochera, pali benchi ya a Nangondo. Malowo anawalandira kwa amayi awo, ndipo ana awo anayi awaphunzitsa ndi tomato wa pamenepo, wotsiriza adakali ku sekondale. Mipira imene yafika pamiyendo pawo ndi yambiri kuposa imene goloboyi wa Mavu wagwirapo. Benchi yawo, poti yaima pamalo athyathyathya aja, miyendo yake iwiri yakumunsi imafuna chogwiriziza kuti tomato asagubuduzike. Mwendo umodzi unali pa njerwa yosapsa bwino, yomwe inkangonyenyeka mvula ikagwa. Winawo unali pa mwala wosema mwaluso, wolembedwa kuti MWALA UWU UNAIKIDWA NDI MFUMU LONJEZANI WACHITATU.

Miyala yotere mumsikamo inalimo khumi ndi itatu, yonse ya maziko a sitediyamu yatsopano. Chaka chilichonse mwini timu, a Sindikhuta Gwaza, mkulu wa malole ndi zigayo, ankapita kunyumba ya mfumu kukadandaula kuti timu yaulemu singamasewere pa mamba a nsomba, ndipo ngati sipamangidwa sitediyamu aisamutsa. Chaka chilichonse Nduna ya Miyala ya Maziko, a Pwetekani, ankabwera ndi mwala watsopano, oliza malipenga ndi amayi ovina, mfumu n'kuuika, anthu n'kuwomba m'manja. Akuluakulu akachoka amalonda ankagawana. Wina amanolerapo mipeni, wina amaphwanyirapo malambe, wina amangokhalira. Aliyense ankakhutira, ngakhale a Sindikhuta, chifukwa tsiku la mwala ovina ankanyamulidwa ndi malole awo.

Chaka chimene ine ndinaliko zinthu zinasintha, poti a Sindikhuta anapita kwa mfumu ndi kalata m'manja. Inachokera kwa Mfumukazi Zatheka ya dziko loyandikana nalo la Tafikakale. Mfumukaziyi inali itamanga sitediyamu ya mipando zikwi makumi anayi, yadenga, ya udzu wochokera kunja umene umamwa madzi a pampopi kawiri patsiku eni dziko akutunga kumtsinje. Itamaliza kumanga inakumbukira kuti ilibe timu. Ndiye inkafuna Mavu, ndi kochi yemwe, asamukire kumeneko mwezi wa Julayi.

Za m'nyumba ya mfumu ndinazimva kwa mkulu wina wothira tiyi kumeneko, amene ndinamugulira kanyenya masiku atatu otsatizana. Akuti mfumu itamva kalatayo inaitanitsa nduna zake zonse makumi atatu ndi ziwiri, n'kunena kuti, "Ndikufuna bwalo latsopano Julayi asanafike."

Nduna ya Milandu inaimirira n'kuthokoza, kuti bwalo la milandu linayamba kudontha kalekale. Nduna ya Ndege inati ayi, mfumu ikunena bwalo la ndege, ndipo kuti dziko lilibe ndege si chifukwa chokhalira opanda bwalo, onani a ku Tafikakale. Anakangana mpaka tiyi wachiwiri. Kenako a Sindikhuta, omwe si nduna koma amakhala pafupi ndi mfumu kuposa nduna, anakhosomola.

"Mwini dziko akunena la mpira," anatero. "Ndipo ulendo uno mwala wokha ayi. A ku Tafikakale anditumizira kale yunifomu yoyesa."

"Malo alipo?" inafunsa mfumu.

"Alipo, Mwini dziko," anayankha a Pwetekani. "Pamene pali msika. Tigwetsa mabenchi, tibweretsa mathirakitala, tisalaza."

"Musalaza chiyani, poti ndi pathyathyathya kale?"

A Pwetekani akuti anayankha kuti, "Tisalaza kuti pakhale pathyathyathya kwambiri, Mwini dziko."

"Nanga amalonda?"

"Tawapezera malo abwino ku Simufika. Mpweya wake ndi wabwino. Kulibe phokoso la anthu ogula."

Nduna zinawomba m'manja, lamulo n'kulembedwa.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo limeneli silinadikire mawa. Tsiku lomwelo galimoto ya chimkuzamawu inazungulira msika: pakutha pa masabata atatu msika ugwetsedwa, amalonda onse apite ku Simufika, ndipo Lachisanu abwere kunyumba ya mfumu kudzathokoza. Ku Simufika ine ndinapitako, poti sinditha kukhala malo amodzi. Ndi dambo, ulendo wa maola atatu pansi, ndipo zimene ndinapezako ndi achule ndi chikwangwani.

Nditabwerako ndinakhala pa mwala wa maziko wachisanu ndi chiwiri, pakati pa benchi ya a Nangondo ndi mulu wa kaunjika wa bambo wina amene anthu amangomutcha a Sokosi, n'kuwafotokozera zomwe ndaona.

"Achule amavala saizi yanji, a Nangondo?" anafunsa a Sokosi. "Ndiyambiretu kusankha."

"Inu ndiye bola, zanu siziwola. Wangayu pofika kumeneko akhala ali supu."

"Mukagulitsa supuyo."

"Kwa ndani? Mwana wanga alemba mayeso chaka chamawa. Ndikamuuze kuti adikire achule alandire?"

Apa a Sokosi anangopinda buluku lomwe anali atalipinda kale. Kenako panafika a Mangulenje kudzagula tomato, nkhope itagwa. A Nangondo anawaikira mulu m'jumbo, n'kuikapo mmodzi wa banyira.

"Akochi, ndamva mukukakhala m'nyumba zamagetsi."

"Akutero."

"Ndikufunseni. Anyamata anuwa anapondapo bwalo lina kupatula lino?"

"Sanapondepo."

"Nanga la ku Tafikakale lija, ndi lathyathyathya ngati lathuli, kapena ndi lathyathyathya la mtundu wina?"

A Mangulenje anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ana ine. "Mayi, ine mbuzi ndilibe."

"Sindinakupempheni mbuzi."

"Ndi la mtundu winawo," anatero motsitsa mawu. "Ndipo limene akufuna kumanga panoli likhalanso la mtundu winawo. Masiku ano chakudya sichikulowa."

"Mwawauza a Sindikhuta?"

"Ndiyambira mawu ati?"

A Nangondo anayang'ana cha kuchisakasa. Kenako anawonjezera tomato wina pa banyira paja, chinthu chimene a Sokosi anati sanachionepo chibadwire.

Lachisanu tinakathokoza. Ndikuti tinakathokoza chifukwa nanenso anandikweza m'lole kuti chiwerengero chikwane. Amalonda anakhala pansi padzuwa, nduna pamthunzi. Wapampando wa msika anawerenga pepala lomwe anamulembera a Pwetekani, lonena kuti amalonda akhala akulira zaka zambiri kuti awasamutsire kutali. Atatha, mfumu inafunsa, monga mwa mwambo, ngati pali wina wofuna kuwonjezera kuthokoza. Mwambo wake ndi wakuti asapezeke. A Nangondo anakonza chitenje, anayenda ndi maondo kufika pakati, n'kuwomba m'manja katatu.

"Mwini dziko, ine kuthokoza kwanga n'kochepa, ndine wa tomato. Koma ndili ndi nkhawa ndi ulemu wanu."

Mfumu inaweramira kutsogolo. Mawu akuti ulemu imawamva ngakhale ikusinza.

"Mavu aja ndi mwana wanu wamkazi. A ku Tafikakale akufuna kumutenga chitengwa, akakhale kwawo. Inu monga kholo mwati ayi, ndim'mangira nyumba yabwino pompano. Zonsezo n'zabwino. Koma kwathu kuno munthu akafunsira, akuchikazi amayamba akaona pakhomo pake. Tikangokana tisanakaone, adzati a ku Mawamawa anaopa. Komanso omanga anuwa adzamanga chiyani, chinthu sanachione? Mwanayo apite tsiku limodzi, akasewere pabwalo lawolo, akuluakulu akaone ndi maso, abwere adzakuuzeni. Mabenchi athu sathawa, mudzagwetsa pobwera."

Kenako Nduna ya Ndege inafunsa chapansipansi kuti akuluakulu okaonawo akagona konko masiku angati. Funso limeneli litangomveka, nduna zonse makumi atatu ndi ziwiri zinaona kuti mayiyu wanena zanzeru. A Sindikhuta nawo anavomera, poganiza kuti Mfumukazi ikaona Mavu ndi maso, mtengo ukwera mbali zonse ziwiri. Munthu yekhayo amene sanawombe m'manja anali a Mangulenje, omwe anangogwira mutu.

Tinanyamuka Loweruka la sabata yotsatira, nduna m'magalimoto makumi atatu ndi awiri, ife ochemerera m'malole atatu a a Sindikhuta. Mfumu inatsala, poti siyendera anthu. A Nangondo nawo anatsala. Anati tomato sadziwa kuti kuli mpira, ndipo limenelo linali Loweruka lawo loyamba kugulitsa mpaka madzulo osakoka benchi.

Sitediyamu ya ku Tafikakale ndi yokongoladi, ndisaname. Anyamata a Mavu atatsika anavula nsapato poganiza kuti udzuwo ndi kapeti. Poti dzikolo lilibe timu, Mfumukazi inasonkhanitsa anthu khumi ndi mmodzi mwa antchito a pasitediyamu pomwepo: othirira udzu asanu ndi mmodzi, alonda anayi, ndi mkulu wina wosunga makiyi amene anamuika pagolo chifukwa cha mimba. Mfumukaziyo inakhala pakhonde lake lokongoletsedwa, mbali imodzi ya bwalo chapakatikati, tebulo la tiyi lili patsogolo.

Refa ataimba wezulo, kaputeni wa Mavu anakweza maso, monga wachitira moyo wake wonse, kufuna pamene pakhala mfumu. Anapaona. Analoza pamenepo, n'kudikira kuti mpira utsike kwa mnzake. Mpira sunatsike. Unapita molunjika ngati munthu wotumidwa, n'kukagwetsa mbale ya masikono.

Anthu anaseka, Mfumukazi inamwetulira. Wachiwiri unachotsa chipewa cha nduna yawo ya zamaluwa. Wachisanu unalowa mu tiyi. Anyamata anaona kuti chinachake chalakwika, ndipo anachita chokhacho chimene anaphunzitsidwa kuchita zinthu zikavuta, kuloza kwa mfumu mwamphamvu. Othirira udzu aja, omwe ankangomenya kumene akuyang'ana, pofika nthawi yopumulira anali atachinya zitatu. Ife ochemerera, pofuna kulimbikitsa anyamata athu, tinayamba nyimbo yathu ya masiku onse, anthu odzaza malole atatu ndi ng'oma zomwe: loza kwa mfumu, loza kwa mfumu. A Mangulenje anathamanga m'mbali mwa bwalo akukupiza manja kuti tileke. Ife tinayesa akutitsogolera, tinakweza.

Maiko awiriwa chiyankhulo n'chimodzi. Asilikali a ku Tafikakale anamva khamu la alendo likulamula anyamata khumi ndi mmodzi kuti aloze kwa mfumu, anaona anyamatawo akumvera, anaonanso kochi wawo akuthamanga uku akukupiza manja. Anayamba kusendera. Ndiye Mavu anapatsidwa penate. Kaputeni anaika mpira, anayang'ana golo kamodzi mwaulemu, n'kumenya cha kukhonde. Umenewo ndi umene unapeza duku la Mfumukazi n'kupita nalo.

Masewero anathera pomwepo, zigoli zili zisanu ndi chimodzi kwa duu. A Mangulenje anakhala m'chitokosi maola awiri akufotokoza, ndipo akuti amenewo ndi malo oyamba pamoyo wawo pamene anatchula mawu akuti kupendekeka mokweza, osalipira mbuzi. Tisanafike pachipata cha malire, kalata inali itatipitirira kale: Mfumukazi Zatheka ikuthokoza, za chitengwa zija zatha, ndipo wosunga makiyi uja wakwezedwa kukhala kochi wa dziko.

Lolemba m'mawa a Sokosi anayamba kale kusangalala kuti wofunsira wathawa, ndiye nyumba yatsopano ndi yachiyaninso. A Nangondo anangowalozera ndi chibwano kuseri kwa msika. Panali pataima mathirakitala anayi, madalaivala ake akudya nthochi.

Kunyumba ya mfumu, wothira tiyi uja akuti nduna iliyonse inali ndi chifukwa chake. Ya Zaumoyo inati anyamata anadwala ndi fungo la udzu. Ya Zofalitsa Nkhani inati Mavu sanagonje, anangochedwa kupambana. A Pwetekani anati zonsezi zikusonyeza kuti sitediyamu ikufunika msanga kuti anyamata azolowere, ndipo msika ugwetsedwe Lachitatu. A Sindikhuta, omwe tsopano analibe kopita, anavomereza ndi mtima wonse, poti mchenga ndi simenti zinayenera kunyamulidwa ndi malole a winawake.

"Ndiitanireni mayi uja wa tomato," inatero mfumu. "Ulendowu unali wake."

Anawatenga pabenchi pomwepo, akupatsa munthu chenji. A Sokosi anawalonjeza kuti awayang'anira tomato, ndipo zikavuta, ana omwe.

"Mayi," inatero mfumu, "mwana wanga mwamuchititsa manyazi kwa eni ake. Akuti inu mwaona mpira pamsika paja kuposa wina aliyense. Ndiuzeni. Chifukwa chiyani kuno amachinya, uko sanachinye? Mabwalo awiriwa akusiyana pati?"

Wothira tiyi akuti anasiya kuthira. Yankho loona linali la mbuzi ziwiri, ndipo pamaso pa mfumu mbuzi zimaswana. Kusayankha kunali kwa thirakitala.

A Nangondo anagwada bwinobwino. "Mwini dziko, mabwalo sakusiyana. Onse ndi athyathyathya."

"Nanga?"

"Ine kusukulu sindinapite patali, ndinena zimene ndaona. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anyamata aja akaloza kwa inu, mpira umakhota wokha n'kukalowa. Sunakanepo. Dzana analoza kwa Mfumukazi ija, mwendo womwewo, mpira womwewo. Unakhota?"

"Sunakhote," inatero Nduna ya Ndege, yomwe inaona ndi maso.

"Ndiye ine ndikuona ngati chosiyana si bwalo. Ndi mfumu yake."

Apa akuti nkhope ya mfumu inayamba kuwala pang'onopang'ono, ngati nyali ya palafini akaikweza chingwe.

"Mukuti amene ndimaukhotetsa ndine."

"Ine ndangoti ndimauona ukukhota, ndipo inu mumakhala muli pompo, m'chisakasa chija, pampando womwe uja. Chimene sindikudziwa n'chakuti akachisuntha chisakasacho, kapena akakumba pansi pamene mphamvuyo inazolowera kudutsa, zidzakhala bwanji. Koma akuluakuluwa ndi ophunzira, adziwa."

Mfumu inatembenukira kwa a Pwetekani. "Pa pulani yanu ija, chisakasa changa chili pati?"

"Tichigwetsa, Mwini dziko, timange china chagalasi mbali inayo."

"Ndipo pansi mukumba."

"Pang'ono chabe, posalaza."

"Wakutumani ndani?" inafunsa mfumu mofatsa. "Mfumukazi ija?"

Mathirakitala anachoka masana omwewo. Sindinaonepo chinthu chikuchitika msanga chotero ku Mawamawa.

Koma mfumu inali italonjeza sitediyamu Julayi asanafike, ndipo panalinso kugonja kuja kofunika kukukwirira. Choncho panatuluka malamulo atatu tsiku limodzi. Loyamba linati Mavu anakana okha kusamuka chifukwa chokonda mfumu yawo, ndipo anaonetsa kukanako pamaso pa Mfumukazi. Lachiwiri linati pamsika pasakumbidwe, pasasalazidwe, pasasunthidwe kanthu, ngakhale benchi, kupatula Loweruka masana. Lachitatu linati kuyambira pa 30 Juni malowo azitchedwa Sitediyamu ya Lonjezani Wachitatu, yomwe yamangidwa pa nthawi yake.

Tsiku lotsegulira kunali malipenga, amayi ovina ndi malole a a Sindikhuta. Anamanga riboni kuchokera pa mulu wa a Sokosi mpaka pa mtengo wa golo, mfumu n'kudula. A Pwetekani, omwe anapulumuka pa udindo chifukwa panalibe wina wodziwa kogula miyala, anabweretsa wakhumi ndi chinayi, wokongola kuposa yonse. Masana Mavu anakwapula timu ya ku Tiyesenso zinayi kwa duu, ndipo mnyamata aliyense akamenya, mfumu inkapendamira cha kugolo ndi phewa, kuthandiza mpira kukhota.

Basi yanga inabwera Lolemba lotsatira. Ndinapita kumsika kukatsanzika, ndipo ndinapeza a Sokosi ndi a Mangulenje atanyamula mbali imodzi ya benchi, a Nangondo atagwada akuchotsa njerwa yonyenyeka ija. Pamalo pake anakankhirapo mwala watsopano uja, zilembo zake zikadali kuwala.

"Tsitsani pang'onopang'ono," anatero.

Anatsitsa. A Nangondo anasankha tomato mmodzi wozungulira bwino, anamuika pakati pa benchi, n'kuchotsa dzanja. Tonse anayi tinamuyang'ana. Sanasunthe.

"Yakhala yathyathyathya," anatero a Sokosi.

A Mangulenje anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. "Ya mtundu uti?"

"Ya mtundu winawo," anatero a Nangondo akusasa fumbi m'maondo. "Koma musauze mfumu, ingabwere kudzaitsegulira."